Lamba wa galimoto akamachita ulesi kubwerera: kumukonza pakhomo pang'onopang'ono

Lamba wabwinobwino, mukangomumasula, amathamanga yekha kulowa m'chipilala cha galimoto mpaka kachitsulo kake kakaima pafupi ndi phewa la mpando. Koma taimani pamalo okwerera magalimoto a Copacabana kapena Market Square mumzinda wa Harare muone ma Honda Fit, ma Wish ndi ma Probox akutsitsa anthu. Malamba ambiri amangoti lende, n'kugwera pansi pambali pa mpando. Wotsikayo akamenyetsa chitseko, kachitsulo kaja kamapanika, penti imakandika, ndipo nsalu ya lamba imayamba kudyeka m'mphepete. Madalaivala ena anazolowera kumukankhira m'chipilala ndi dzanja, ena amamukoleka pamutu pa mpando, ena anangomumangiratu kumbuyo kwa msana kuti alamu isiye kulira.

Lamba amene akulephera kudzikulunga amakhalanso wolekera pachifuwa pamene mwamuvala. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, thupi limayamba lathamangira kutsogolo lamba asanagwire, ndipo masentimita ochepa amenewo ndi amene amafikitsa chipumi pachiwongolero. Bungwe la WHO limati kuvala lamba kumachepetsa ndi pafupifupi theka chiopsezo choti munthu wokhala kutsogolo afe pangozi, koma akunena lamba wogwira thupi, osati wolendewera. Za apolisi a pamsewu ndi a VID, oyeza magalimoto a boma aja, sindichita kukuuzani.

Ambiri mwa malamba aulesiwa sanaonongeke ayi. Angoda basi. Choncho musathamangire kumashopu a zida za magalimoto a mu Kaguvi Street kukagula wina. Yambani ndi ndowa ndi sopo, ndipo sipanala muigwire pokhapokha sopo atakanika.

Zimene zabisika m'chipilalamo

Lamba amene timavalayu, wodutsa paphewa ndi m'chiuno, anamupanga ndi Nils Bohlin kukampani ya Volvo mu 1959, ndipo njira imene amadutsa sinasinthe kwenikweni. Nsonga imodzi yamangidwa ndi bawuti pansi, pafupi ndi chitseko kapena pampando penipenipo. Kuchoka apo amadutsa m'kachitsulo kolowetsa mu buckle, chokhomera lamba cha pambali pa mpando chija, n'kukwera kukapinda pamphete ya pamwamba pa phewa, kenako n'kutsikira mkati mwa chipilala chapakati pa zitseko ziwiri. Pansi pa chipilalacho, kuseri kwa pulasitiki, pali kabokosi kotchedwa retractor.

M'kabokosimo muli mpukutu umene lamba amakulungikapo. Mbali imodzi ya mpukutuwo kuli sipuling'i yopyapyala yozungulira, yofanana ndi imene imabweza tepi yoyezera ya akalipentala. Sipuling'i imeneyi anaipanga yofewa dala kuti lamba asakufinyeni ulendo wonse wa ku Mutare. Ndiye mphamvu yake ndi yochepa, moti kanthu kakang'ono kakangowonjezera kukhuzana panjira, imagonja. Mbali inayo kuli zokhoma ziwiri. China ndi kampira kachitsulo kokhala m'kambale: galimoto ikagwira mabuleki mwamphamvu kapena ikapendekeka, kampirako kamasuntha n'kukankha dzino limene limaimitsa mpukutu. Chinacho chimamva liwiro la lamba mwini wake, mukamukoka mwankhanza chimaluma. Pamipando yakutsogolo ya magalimoto ambiri okhala ndi ma airbag pali chinthu chachitatu, pretensioner, chimene chili ndi wonga pang'ono woti uphulike pangozi ndi kukoka lamba kuti athine. Mudzachizindikira ndi waya ndi pulagi yachikasu. Mtundu wachikasuwu muusunge m'mutu.

Poyamba, dziwani matenda ake

Ikani galimoto pamalo athyathyathya, mpando muuimike bwino. Kokani lamba pang'onopang'ono mpaka atathera, uku mukumuyendetsa pakati pa zala. Mbali imene imakhala mkati nthawi zonse mudzaipeza yofewa, yoterera, ya mtundu wake weniweni. Mbali imene imagona paphewa ndi pamimba imakhala yolimba, yonenepa, ndipo nthawi zina imanata. Kusiyana kumeneku kukakhala kwakukulu, mwapeza kale wolakwa.

Yesani chinanso. Nyamulani lamba m'mwamba kuti alowe pamphete mowongoka osapinda kwambiri, kenako mumulekerere. Akathamanga bwino mukamuthandiza chonchi, sipuling'i ili moyo, vuto ndi litsiro la palamba kapena la pamphete. Akamakwawabe ngakhale mutamuwongolera, mwina wapotoka mkati, mwina pulasitiki ikumupana, mwina sipuling'i yatopa.

Pokoka paja muziyang'ananso m'mphepete. Mukapeza pamene pang'ambika, pamene ulusi wamasuka kwambiri, pamene papsa ndi ndudu, kapena pamene msoko wa pansi wayamba kutha, lekani zochapa. Lamba wotero ndi wosintha. Musapite naye kwa wosoka nsapato wa pamsika wa Mupedzanhamo, ndipo musawauze ulusi womasukawo ndi machesi. Ulusi uliwonse umanyamula gawo lake la katundu, ndipo lamba wodulika pang'ono m'mphepete amang'ambikira pomwepo tsiku la ngozi.

Kuchapa

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndiye musapachite mothamanga. Taganizani zimene lamba wa dalaivala wa mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu ngati matakisi tija, amamwa pachaka: thukuta la mu Okutobala, mafuta odzola, fumbi lofiira la misewu ya ku Epworth ndi ku Hopley limene mphepo ya Ogasiti imalowetsa pawindo, manja amene angogwira kumene chipisi, madzi a shuga a mafiriziti amene ana amadontheza. Ndipo galimoto yambiri mwa zimenezi inabwera kuchokera ku Japan itayenda kale zaka, lamba wake asanaonepo madzi. Zonsezi zimalowa pakati pa ulusi wa polyester n'kuuma. Nsalu imalimba, imanenepa, ndipo imakana kupinda pamphete.

Konzani ndowa yaing'ono ya malita asanu, madzi ofunda oti dzanja lingapirire, sopo wamadzi wotsukira mbale kapena sopo wobiriwira wa mtanda, burashi yofewa, mswachi wakale, mathaulo awiri, ndi mapegi a zovala atatu kapena kapanira wamphamvu. Madzi sachuluka, moti ngakhale kumene mipopi inauma kalekale chigubu chimodzi cha pamjigo chikwana. Sankhani m'mawa wa tsiku limene galimoto sichoka pakhomo.

Kokani lamba yense, mpaka atakana. Mupaneni ndi mapegi pamphete penipeni kuti asabwerere. Mukagwiritsa ntchito pulayala yokhoma, ikani kansalu pakati kuti mano ake asalume lamba. Kupanaku kuli ndi ntchito ziwiri: kumakupatsani lamba yense m'manja, komanso kumaletsa lamba wonyowa kulowa mu retractor. Madzi akafika m'kabokosi muja sipuling'i imachita dzimbiri ndipo kampira kaja kamayamba kumata, ndiye mwaonjezera matenda pamatenda.

Tsegulani chitseko, zimitsani nyale ya m'denga kuti batire lisathe, ikani ndowa pansi pafupi ndi mpando kapena panja pakhomo pa chitseko. Yalani thaulo pampando. Vikani gawo lonse la lamba limene lingafike m'ndowa, mulisiye mphindi 20 kapena 30. Madzi amene adzatsalemo adzakuuzani okha, amakhala ngati mwatsukiramo mawilo. Atavikika, yalani lamba pathabwa kapena pabondo lanu n'kumukwecha ndi burashi motsata utali wake, osati mopingasa, chifukwa kukwecha mopingasa kumadzutsa ulusi. Chitani mbali zonse ziwiri. Gawo la pamwamba losafika m'ndowa mulichape ndi nsalu yoviika, kuyambira pa mapegi kutsika. Sunthani kachitsulo kolowetsa mu buckle kaja kuti muchape pamene kamakhala, pamenepo litsiro limaunjikana kwambiri, ndipo mpata wa kachitsuloko muutsuke ndi mswachi.

Tayani madzi akudawo, bwerezani ndi ena ngati akadali akuda, kenako tsukuluzani ndi madzi oyera kufikira thovu litatheratu. Anthu ambiri amalakwa apa. Sopo wotsalira akauma amalimbitsanso lamba ndipo amakoka fumbi, ndiye pakatha sabata munthu amati kuchapa sikuthandiza. N'chifukwa chake sopo waufa sindimulimbikitsa, amavuta kutsukuluza.

Musayerekeze kuthira Jik, petulo, palafini, thinner kapena mankhwala otsukira injini. Zina mwa izi zimafooketsa ulusi osaonetsa chizindikiro, lamba n'kumaoneka woyera koma mphamvu itapita. Madzi owira nawonso ayi. Anyamata a pa car wash akafuna kumuombera ndi payipi ya mphamvu pafupi, akanizeni mwaulemu.

Pomaliza, kulungani lamba m'thaulo louma n'kumufinya pokoka kuchokera pamwamba kutsika. Musiyeni atatambasuka, mapegi ali pomwepo, galimoto ili pamthunzi mawindo otsegula. M'nyengo yotentha amauma pofika madzulo, koma mu Januwale kapena Febuluwale kukakhala mvula mulekeni agone choncho usiku wonse. Musamuumitse ndi moto, ayironi kapena chowumitsira tsitsi. Lamba wokulungidwa akadali wachinyezi amachita nkhungu ndipo fungo lake silichoka msanga m'galimoto.

Mphete ya paphewa

Pamene lamba akuuma, yang'anani mphete. Tukulani lamba muone pansi pake, pamene amakhuza. Mudzapeza chikhungu chakuda, cholimba, chomata, chimene chaunjikana kwa zaka. Pamagalimoto ena ichi chokha ndicho chimapha liwiro lonse, moti kungochichotsa lamba amadzuka.

Chipaleni ndi khadi lakale la pulasitiki, ngati la kubanki lotha ntchito. Kenako dulani kansalu kakatali, kanyowetseni ndi madzi a sopo, kalowetseni mumpata wa mphete pansi pa lamba, n'kumakakoka uku ndi uku. Mpeni kapena sandpaper yokhakhala ayi, chifukwa mphete yokandika imadya lamba tsiku ndi tsiku. Mukapeza kuti pulasitiki yokuta mpheteyo yasweka kapena yatha mpaka chitsulo chaonekera, mphete imeneyo yatha ntchito.

Za mafuta pali mkangano. Pa YouTube mudzaona anthu akupopera silicone palamba yense, ndipo n'zoona kuti tsiku limenelo amathamanga ngati watsopano. Koma kuno kwathu kuli fumbi. Chilichonse chonyowa chimene mungapake pansalu chimasanduka phala pakangopita milungu ingapo. Ngati mukufuna kuterereza, poperani silicone youma msanga pakansalu, mupukute mphete yokha, mudikire iume. WD-40, girizi ndi oyilo wa injini asayandikire lamba. Njira ina yaukhondo ndi tepi yopyapyala yoterera ya PTFE (Teflon) yomata pamphete pamene lamba amadutsa, ngati mwaipeza m'mashopu a zipangizo. Ionetsetseni kuti yamata bwino m'mbali kuti isamatuke n'kulowa mkati.

Lamba akauma gwa, chotsani mapegi mutamugwira ndi dzanja, ndipo mumuperekeze pang'onopang'ono mpaka atalowa yense. Mukokeni ndi kumubweza kangapo kuti akulungike mwadongosolo pampukutu. Malamba ambiri vuto lawo limathera pano.

Akapotoka

Lamba wopotoka sangadutse bwino pamphete, ndipo akalowa mkati ali wopindika amadzaza mpukutu usanamutenge yense. Kawirikawiri kupotoka kumachokera pa kachitsulo kolowetsa mu buckle, kamene katembenuka. Simufunika kumasula bawuti. Kokani lamba wokwanira, ndipo pamwamba pa kachitsuloko mupindeni mopingasa kuti mbali yakumbuyo ibwere kutsogolo. Finyani popindapo kuti pakhale popyapyala, kenako kankhani kachitsulo kadutse pamenepo mwamphamvu. Kakadutsa, lamba wawongoka. Kupotoka kukakhala pamphete ya pamwamba, njira ndi yomweyo, kungoti mumakoka lamba kudutsitsa popindapo mumpata wa mphete. Kukakhala mkati mwa chipilala, kumukoka yense mpaka kumapeto nthawi zambiri kumakutulutsira kunja.

Akakana kutuluka kapena kulowa

Musanaganize zoti waonongeka, onani mmene galimoto yaimira. Mukaimika pachitunda ngati cha ku Kopje, kapena mawilo awiri akakwera pakhonde la msewu, kapena akagwera m'ngalande, kampira kaja kamaganiza kuti galimoto ikugubuduka ndipo kamakhoma. Sunthirani pamalo abwino, lolani lamba abwerere pang'ono, ngakhale sentimita imodzi, kenako mumukoke mofatsa. Lamulo lake ndi limeneli nthawi zonse: chokhoma sichimasuka pokoka, chimamasuka lamba akabwerera pang'ono. Kulimbana naye kumangolumitsa mano.

Nthawi zina lamba amabwerera mwaliwiro, n'kudzikhoma atathina kotheratu, osasiya danga loti abwererenso. Mukokeni mwamphamvu kamodzi kuti nsalu ya pampukutu ifinyike, kenako mumulekerere pang'onopang'ono. Kadanga kamene kapezeke kamakwanira kumasula dzino. Zikakanika, masulani bawuti ya pansi kuti lamba apeze polowera. Kumipando yakumbuyo onaninso ngati sanapanike pamene munapinda mpando ponyamula katundu wa ku Mbare Musika.

Malamba ena, makamaka akumbuyo, mukawakoka mpaka kumapeto amayamba kulira kete kete pobwerera ndipo sakutulukanso. Sanaonongeke. Anawapanga choncho kuti azigwira mpando wa mwana. Alekeni alowe onse, adzabwerera mwakale.

Koma lamba amene anauma gwa galimoto itagunda, osalowa osatuluka, nyale ya airbag ili chiyakire, ameneyo pretensioner yake inaphulika. Palibe sopo kapena luso limene lingamudzutse, ndipo ngakhale wina atamumasula, ntchito yake anaigwira kale kamodzi kokha kamene anapangidwira.

Kutsegula chipilala

Mwachapa, mwapala mphete, mwawongola, koma akukwawabe. Tsopano tengani zida: sipanala ya 10 ya batire, soketi ya 14 kapena 17 malinga ndi galimoto, sikuludiraiva yathyathyathya yokulungidwa tepi kunsonga, ndi tochi. Magalimoto ena a ku Ulaya amafuna Torx, chida cha nsonga yonga nyenyezi.

Zimitsani galimoto, tulutsani kiyi, masulani waya wa negative pabatire n'kumuika patali poti sangakhudzenso. Dikirani. Toyota imanena masekondi 90, Honda ndi Nissan mphindi zitatu, chifukwa kompyuta ya ma airbag imasunga magetsi kwakanthawi batire litachotsedwa. Ine ndimati dikirani mphindi khumi, simutaya kanthu. Ngati wailesi yanu imafuna nambala yachinsinsi batire likachoka, ipezeni kaye. Ma wailesi a ku Japan ena amafunanso khadi kapena chimbale chake kuti ayakenso, ndipo ambiri anabwera opanda.

Sunthirani mpando kutsogolo. Sololani labala wa m'mphepete mwa zitseko zonse ziwiri pamene wagwira chipilala, amangochoka pokoka. Tukulani mapulasitiki a pansi popondera, kenako kokani pulasitiki ya m'munsi ya chipilala molunjika kwa inu. Imagwidwa ndi timakilipu timene timaphulika phwa phwa. Pulasitiki imene yakhala padzuwa la Harare zaka zambiri ndi yosachedwa kusweka, ndiye ntchitoyi muichite masana kukatentha, osati m'mawa wa chisanu wa mu Juni. Pulasitiki ya pamwamba isiyeni ngati palibe chifukwa, makamaka ngati palembedwa SRS, chifukwa kuseri kwake kungakhale airbag ya m'mbali.

Walitsani tochi. Onani ngati lamba akukhuza pulasitiki, waya, kapena kachitsulo komulondolera kamene kapindika. Onani ngati pampukutu pagwera kanthu: kakobiri, kachitsekerero ka botolo, kakilipu kothyoka, pepala la switi. Chotsani fumbi ndi burashi youma kapena mpweya wa pampu, koma musathire mafuta kapena mankhwala alionse mkati mwa retractor. Kampira kaja kamafunika kuyenda momasuka pouma, ndipo mafuta akasakanikirana ndi fumbi amakamata. Lamba wokhala ndi kampira komata amabwerera bwinobwino, koma tsiku la ngozi angalephere kukhoma, ndipo zimenezi n'zoipa kuposa ulesi umene munayamba nawo.

Pulasitiki ili chichotsere, kokani lamba pansi pa mphete n'kumusiya. Akathamanga, ndiye kuti pulasitiki imamupana, onani pamene yakhuzika ndipo muibwezeretse bwino. Akakwawa ngakhale palibe chomugwira, sipuling'i yatopa kapena yathyoka. Dziwaninso kuti m'miyezi yozizira girizi wa pasipuling'i amalimba, choncho lamba amene amachita ulesi m'mawa wa Julayi okha n'kuchira dzuwa likakwera akungokuchenjezani kuti ukalamba wayandikira.

Pulagi yachikasu musaiseweretse. Musaiyeze ndi multimeter kapena nyale yoyezera magetsi, chifukwa magetsi ochepa amenewo angathe kuyatsa wonga uja retractor ili pafupi ndi nkhope yanu.

Sipuling'i: muitsegule kapena ayi?

Ayi. Pachivundikiro chake ambiri analembapo chenjezo, ndipo sanalembe mwamwambo chabe. Mkatimo muli chitsulo chopyapyala chakuthwa, chotalika mamita angapo, chokulungidwa mothina. Chivundikiro chikangotukuka molakwika chimafwamphuka chonse, chimacheka zala, chingalase diso, ndipo kuchibwezera mwakale ndi ntchito yosautsa. Alipo amakaniko ku Gazaland ndi ku Magaba amene amadziwa kutembenuza chivundikirocho kamodzi kapena kawiri kuti sipuling'i ithine, ndipo nthawi zina zimathandiza. Koma chitsulo chotopa chimakhala chotopa. Mwangochipempha kuti chigwire ntchito yoposa imene chinalephera kale, ndipo mukathinitsa mopitirira lamba sangatulukenso yense. Pa lamba wa dalaivala, amene amakokedwa kambirimbiri patsiku, ine ndingasinthe chonse.

Kugula wina

Watsopano wa kwa dila ndiye wabwino, koma tonse tikudziwa mitengo yake, ndipo pamagalimoto ambiri a ku Japan mungadikire milungu. Ambiri timakathera kwa ogulitsa zida za magalimoto ophwasulidwa. Palibe cholakwika, bola mupite ndi maso.

Tengani lamba wakaleyo m'manja (za kumumasula zili m'gawo lotsatira). Wakumanja ndi wakumanzere ndi osiyana, ndipo galimoto ya dzina limodzi imasintha malamba malinga ndi chaka: Fit ya GD, yoyambirira ija, si ya GE imene inabwera pambuyo pake. Pafupi ndi bawuti ya pansi pali kansalu kolembedwa nambala ndi chaka chimene lamba anapangidwa, kamene ogula magalimoto amakonda kusuzumira pofuna kudziwa zaka zenizeni za galimoto. Fanizirani kansalu kameneko, maonekedwe a pulagi, kuchuluka kwa mapulagi, ndi mabowo a mabawuti. Yesaninso kachitsulo kake mu buckle yanu, kalowe ndi kulira bwino. Musalole kuti akuuzeni kuti "ndi yomweyo, bwana, tingoboola pena". Retractor iliyonse anaipangira kupendekeka kwa chipilala chake, ndipo ya galimoto ina ingamakhome popanda chifukwa kapena kulephera kukhoma pofunika.

Pemphani kuona galimoto imene amuchotsa. Ngati ma airbag ake anaphulika kapena kutsogolo kunaphwanyika, musiyeni. Palamba pamene yang'anani mizere yonyezimira ngati yasungunuka, chizindikiro chakuti anakhuzika mwamphamvu pamphete atanyamula munthu pangozi. Malamba ena ali ndi msoko wopindidwa pansi umene umamasuka pangozi n'kuonetsa kansalu kochenjeza kuti asinthidwe. Wofwifwa ndi dzuwa nayenso wafooka.

Poyesa, gwirani retractor moimirira monga mmene imakhalira m'galimoto. Mukaigoneka imakhoma, ndipo mungakane lamba wabwino kapena kumukhometsa osatha kumumasula. Ili choimirira, lamba atuluke mosalala, abwerere mwamphamvu, akhome mukamukoka mwadzidzidzi, ndipo akhomenso mukaipendeketsa.

Chenjerani ndi amene amati akuikirani ka resistor papulagi yachikasu kuti nyale ya airbag izime. Nyale imazimadi, koma kompyuta yangonamizidwa, pretensioner palibe.

Kumanga

Musanamasule wakale, jambulani ndi foni mmene mawashala ndi timachubu ta pamabawuti tatsatirana, makamaka pamphete ya pamwamba ndi pansi. Batire likhale lochotsa. Pulagi yachikasu ili ndi kachokhoma kamene mumayamba mwatukula ndi sikuludiraiva yaing'ono, musakoke waya. Retractor yakale yokhala ndi wonga musaiponye pamoto wa zinyalala kapena kusiyira ana, ipatseni a galaja.

Watsopanoyo ali ndi kadzino kolowa m'bowo la pachipilala kuti aime molunjika. Kalowe kaye, bawuti pambuyo. Bawuti iliyonse iyambeni ndi zala mpaka italowa mizere ingapo. Ikalimba pachiyambi pomwe, ibwezeni, mwaipingasa. Mabawuti a malamba ali ndi mizere yawoyawo ndipo ndi achitsulo cholimba, ndiye imodzi ikasowa musatole iliyonse m'chitini cha mabawuti, kapezeni ya lamba. Mangani ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, ngati mungabwereke. Pamagalimoto ambiri a Toyota ndi 42 Nm, ena amasiyana pang'ono, buku la galimoto yanu limanena. Mukamaliza, mphete ya pamwamba izitha kutembenuka momasuka. Ikauma ndiye kuti mwasokoneza mawashala, ndipo lamba adzayambanso ulesi womwewo.

Tsatirani lamba ndi dzanja kuchokera pa retractor mpaka pabawuti ya pansi kuti pasakhale kupotoka. Lowetsani pulagi yachikasu mpaka italira, kanikizani kachokhoma kake. Yesani lamba musanabwezere pulasitiki, kenako yesaninso mutabwezera, kuti mudziwe ngati pulasitiki ikumupana. Bwezerani labala wa zitseko, mangani batire.

Poyatsa koyamba musakhale pampando umene mwakonzawo. Imani panja, pisani dzanja mutembenuze kiyi. Nyale ya airbag iyake masekondi angapo kenako izime yokha. Ikakhalabe kapena ikamaphethira, zimitsani, chotsaninso batire, dikirani, onaninso pulagi. Ikakana, pitani kwa amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto, chifukwa nyale imeneyo ikayaka ma airbag angalephere kugwira ntchito.

Kuyesa pamsewu

Kaya mwangochapa kaya mwasintha, kuyesa kuli kofanana. Khalani pampando, valani lamba, weramirani kutsogolo pang'onopang'ono n'kubwerera: lamba akutsatireni osasiya danga pachifuwa. Mugwireni paphewa n'kumukoka mwadzidzidzi, akhome nthawi yomweyo. Mumasuleni osamuthandiza, akafike yekha pamwamba. Kumeneku mwayesa sipuling'i ndi chokhoma chimodzi.

Kampira kaja kamayesedwa galimoto ikuyenda. Pezani msewu wopanda anthu, ngati ya ku Workington kapena Graniteside Lamlungu m'mawa, ndipo m'galimoto musakhale katundu wongoikidwa. Yendani pa 10 kapena 15 km/h, onani pagalasi kuti kumbuyo kulibe aliyense, pondani buleki mwamphamvu manja ali pachiwongolero. Lamba akugwireni nga paphewa. Ngati ndi wa mpando wina, pakhale munthu wamkulu amene mwamuuziratu zimene mukufuna kuchita. Lamba amene wakulolani kupita kutsogolo pamayeso amenewa achoke m'galimoto, ngakhale akubwerera mwaliwiro lotani.